Malata a Amayi Doris

1

Dzina langa ndine Raimundo, kalipentala, mwana wa ku Zumbo. Mukafika ku Luangwa Boma, kumene akuluakulu amatchabe kuti Feira, mukaime pamtunda muyang'ane kutsidya kwa mtsinje. Nyumba mudzaonezo ndiye kwathu. Tambala akalira kumeneko, kuno timamumva. Koma tsiku limene ndinawoloka madzi amenewo, m'chaka cha 1987, nkhondo itatiotchera mudzi, ndinasanduka munthu wakunja ngati ndabwera pa ndege.

Ndinawoloka ndi mkazi wanga Alzira, sowo, hamala ndi kamtolo ka zovala. Tinali titakhala m'banja zaka ziwiri, ukwati wa kumudzi. Wa ku tchalitchi ndinkangoti mawa, mawa. Mwana tinalibe.

Othawa nkhondo ankawakweza m'malole kupita nawo kumsasa, kutali ndi mtsinje. Ine ndinakana. Ndinati munthu waluso ngati ine sangakaime pamzere ndi mbale kudikira nyemba. Tinatsala pa Boma mozemba, opanda pepala lililonse, ndipo aliyense wokhala ndi kanyumba anadziwa kuti anthu awa alibe pakamwa.

Nyumba yathu yoyamba inali shedi yosungiramo nsomba zouma. Patangotha sabata imodzi, amphaka anayamba kundiperekeza mpaka ku tchalitchi. Yachiwiri inali ku Mphuka. Mvula ikagwa, mbuzi za eni nyumba zinkalowa momwemo, ife n'kufinyikira pakona, pakuti mbuzizo zinali nzika za dziko lino. Yachitatu tinaipeza yopanda chitseko, denga lili mbee, dzuwa likuchita kulowa ngati kwawo. Ndinaikonza ndi manja angawa. Tsiku limene ndinakhoma msomali womaliza, mwini wake anakumbukira kuti ali ndi mphwake amene akubwera kuchokera ku Lusaka.

"Koma bambo, si ine ndakonza nyumbayi?"

"Mwakonza bwino, zikomo. Manje reji muli nayo?"

Reji ndi chiphaso cha unzika. Mawu amenewo akangotuluka, mlandu watha, iwe nyamula mphasa. Zinatichitikira kanayi. Ndinakhala munthu wokonzera anthu a pa Boma nyumba kwaulere, iwo n'kumandithokoza pondithamangitsa. Nkhuku ikasowa, ndi wa kutsidya uja. Mwana akatsegula m'mimba, ndi wa kutsidya uja. Chonsecho chinenero cha Chikunda chimene ankandinenera miseche ndi chomwecho chimene ndinayamwa kwa amayi anga.

2

Amayi Doris anali mkazi wamasiye, wogula nsomba zouma n'kukagulitsa ku Lusaka. Anali ndi thupi lawo, mawu awo, ndi nyumba ya malata ya zipinda zinayi. Kuseri kwake kunali kanyumba ka zipinda ziwiri, nakonso ka malata, pansi pa simenti. Nditakaona kanyumbako, malovu anadzaza m'kamwa.

Mayi wina wa pamsika anandichenjeza. "A Doris safuna anthu apabanja. Amene analimo ankamenyana tsiku ndi tsiku, achibale ali mbwee. Akuti akufuna mbeta kapena mphunzitsi."

Tinapitabe. Tinawapeza pakhonde akumanga mitolo ya nsomba. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, osafulumira, ngati akusankha mbuzi.

"Ndinu kalipentala uja?"

"Ndine amene, amayi."

"Nanga uyu?"

Alzira anali atagwada chapatali, kamtolo kali pamiyendo. Ndinayang'ana iye, ndinayang'ana malata aja akung'anima padzuwa. Pakamwa panga panayankha pasanandifunse.

"Ndi mlongo wanga. Mimba imodzi."

Alzira anadzutsa mutu. Diso limene anandiponyera likanatha kuwotcha udzu.

"Ooh, ngati ndi mlongo wanu palibe vuto," anatero a Doris. "Zipinda ndi ziwiri, aliyense chake. Lendi yanu ikhale ntchito ya manja. Nyumba ino yafuna mwamuna kalekale."

Titalowa m'kanyumbako ndinagona chagada pasimenti, kumva kuzizira kwake kumsana. Alzira anaima pakhomo.

"Mlongo wanu?"

"Iwe, ndi mawu chabe. Mwezi umodzi, iwiri, tipeze poima."

"Amayi anga anakulandirani ngati mkamwini, inu lero mwawasandutsa amayi anu?"

"Ukufuna tibwerere kwa mbuzi zija?"

Anatenga mphasa yake n'kukayala m'chipinda chinacho, monga mlongo wolongosoka.

3

Ntchito ya manja ija inayamba ndi chitseko cha kukhitchini. Inapita pa mawindo, pa denga, pa kabati. Kenako a Doris anati bedi lawo likulira. Ndinalikonza. Mawa lake anati likulirabe. Owerenga, ndinu akuluakulu, sindikufotokozerani kuti bedi limenelo ndinalikonza kangati.

Miyezi isanu isanathe, ndinali nditasamukira m'nyumba yaikulu. Alzira ndinamuuza kuseri kwa bafa, monong'ona.

"Ndikuchitira ife tonse. Ndikakana, mawa tili pamsewu."

"Inde, alongo," anayankha. "Mukuvutika kwambiri chifukwa cha ine. Mulungu akuonjezereni mphamvu."

Ndinamva kuti akundinyoza, koma ndinasankha kumva ngati dalitso.

Moyo unakoma, ndisaname. Munthu amene ankatchedwa wa kutsidya anasanduka "amuna awo a Doris." Panalibenso wondifunsa reji, pakuti ndani akanalimba mtima kufunsa pakhomo pa a Doris? Nkhuku zinapitiriza kusowa, koma tsopano ankaba ndi anthu ena. Ndinayamba kuvala nsapato. Kamimba kanatuluka. Madzulo ndinkakhala pakhonde pa mpando wa malemu, nditavala jekete la malemu, ndikupereka maganizo pa nkhani za dziko limene silinkadziwa n'komwe kuti ndilimo.

Alzira ankatunga madzi, kuphika, kuchapa, kuthandiza kumanga nsomba. A Doris ankamukonda zenizeni. "Mlamu wanga uyu ndi golide," ankatero. Pa chakudya Alzira ankabwera ndi beseni, kugwada, n'kunena kuti, "Madzi, alongo." Ine n'kusamba m'manja, maso ali kumbali.

A Doris akakwera lole ya nsomba kupita ku Lusaka, ankatha sabata yathunthu. Masiku amenewo ndinkakumbukira njira ya kuseri. Ndinkauza Alzira kuti ndatsala pang'ono kupeza malo athuathu, apirire. Mwezi umodzi uja unakwana zaka ziwiri, ine ndikudya mbale ziwiri, ndikudziona wochenjera kuposa amuna onse a m'mbali mwa Zambezi.

4

Tsiku lina mu Seputembala, a Doris anandipeza ndikupala thabwa pansi pa mtengo wa masau.

"A Raimundo, Loweruka musachoke. Kukubwera alendo."

"Alendo anji?"

"A Whiteson atuma nkhoswe. Akufuna mlamu wanga."

Thabwa linandigwera paphazi, koma sindinamve kuwawa. A Whiteson ndinkawadziwa. Anali bambo wofatsa, wokonza mainjini a maboti, mkazi wawo anamwalira osasiya mwana. Anali ndi nyumba ya njerwa zootcha, reji, ndi njinga. Ankayenda pang'onopang'ono ndi kulankhula pang'onopang'ono, moti ndinkawaseka kuti akamamaliza kupereka moni dzuwa limakhala litalowa.

"Alzira akadali mwana," ndinatero.

"Mwana wa zaka makumi awiri ndi zisanu? Mukufuna akalambire kuseri kwa nyumba yanga?"

"Ndi waulesi. Adzatichititsa manyazi."

"Waulesi amene amadzuka inu mukuliza mkonono?"

"Amadwala mutu waching'alang'ala. Komanso amalankhula kutulo."

A Doris anandiyang'ana nthawi yaitali. "Za kutulo kwa mlongo wanu mwazidziwa bwanji?"

Ndinati tinkagona nyumba imodzi tili ana. Anangoti "Ooh," n'kubwerera ku nsomba zawo.

Loweruka masana nkhoswe inafika, mkulu wina dzina lake a Nason, atanyamula mbale ziwiri zovundikirana, zokulungidwa m'nsalu yoyera. Mwambo wake ndi wotere: mbale amaziika pamaso pa mwini mbumba, mkazi n'kuitanidwa. Akazivundukula, wavomera. Akazisiya, nkhoswe imanyamula mbale zake n'kubwerera. Mwini mbumba tsiku limenelo ndinali ine, pakuti kunalibenso wachibale wina kuno. Anandikhazika pampando, jekete la malemu lili pathupi, thukuta lili kamukamu.

Mtima unali m'malo pang'ono. Ndinkadziwa kuti Alzira akana. Mkazi amene anawoloka nane mtsinje zipolopolo zikulira, amene anagona nane pakati pa nsomba ndi mbuzi, angapite kuti?

Analowa, anagwada. A Nason anafunsa, "Mayi, mbale izi mukudziwa kumene zachokera?"

"Ndikudziwa."

"Nanga mukuti bwanji?"

Alzira anatembenukira kwa ine. "Alongo, pali mawu amene mukufuna kunena ndisanayankhe?"

Anthu onse anayang'ana ine. A Nason anagwedeza mutu, kuyamikira ulemu wa mwana woleredwa bwino. Ndinati, "Ayi, nkhani ndi yako."

Anatambasula dzanja n'kuvundukula mbale. A Doris anaimba nthungululu mpaka agalu a pa Boma anayankha.

5

Lolemba ndinamutsata kumtsinje kumene ankachapa. Ndinadikira amayi ena atalikire.

"Wapenga? Ndiwe mkazi wanga!"

"Ndani akudziwa?"

"Ine ndi iwe."

"Ine ndaiwala. Zaka ziwiri ndakhala ndikumva kuti ndine mlongo wanu, mpaka ndakhulupirira." Anafinya chitenje, osandiyang'ana. "Koma musadandaule. Ku tchalitchi adzalengeza masabata atatu. Adzafunsa ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwu. Mudzaimirire, munene pamaso pa anthu kuti Alzira ndi mkazi wanga. Mukatero, ine ndinyamula kamtolo kanga, tibwerere limodzi ku shedi ya nsomba. Sindikuopa fungo ine."

"Ukudziwa zimene a Doris angandichite? Angandiitanire lole ya kumsasa!"

"Ndiye sankhani."

Sabata loyamba ndinapita ku tchalitchi nditakonzeka. Mlaliki atafunsa funso lija, ndinagwira benchi kuti ndidzuke. A Doris anali pambali panga, akudzikupiza ndi kabuku ka nyimbo. Ndinaganiza za mbuzi za ku Mphuka. Ndinati ndidzanena sabata la mawa, lero anthu achuluka.

Sabata lachiwiri anthu anachepa, koma ndinaona kuti si bwino kusokoneza mapemphero pamene kwabwera mlaliki wachilendo.

Sabata lachitatu Alzira anatembenuka pabenchi la amayi n'kundiyang'ana poyera. Mlaliki anafunsa, anadikira, anafunsanso. Ndinawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

Sizinathere pomwepo. A Doris anati mwini mbumba sangapite ku ukwati chimanjamanja, ndipo kalipentala mphatso yake ndi yodziwika. Anagula matabwa a mukwa. Bedi la a Whiteson ndi mkazi wanga ndinapanga ndine, masiku asanu ndi limodzi, ndipo ndikuuzeni mwaluso langa kuti silinalirepo mpaka lero.

Pa ukwati ndinamugwira dzanja kulowa naye m'tchalitchi. Pa madyerero anandipatsa mpata wolangiza. Ndinaimirira n'kuuza a Whiteson kuti mkazi ndi wofunika kumusamala, osamuchititsa manyazi, osamusinthanitsa ndi chinthu chilichonse. Anthu anaomba m'manja. Misozi itayamba kutsika, amayi ena anati, "Taonani chikondi cha pachibale!"

6

Kutacha Lolemba, ndinapita kukakhoma chitseko kwa munthu wina. Pobwera masana ndinapeza sowo, hamala ndi kamtolo kanga zili pakhonde. Jekete la malemu linali litabwerera m'kabati. A Doris anakhala pampando uja, manja ali pamimba.

"Kodi tikusamuka?" ndinafunsa.

"Mukusamuka ndinu."

"Ndalakwanji, amayi?"

"Khalani pansi, a Raimundo. Pansi, osati pampando." Ndinakhala. "Mu Ogasiti mlamu wanga anadwala malungo, inu muli ku Mburuma kokhoma denga la sukulu. Ndinalowa m'chipinda chake kumufunira chitenje. Pansi pa zovala ndinapeza kamphika."

Kamphika kameneko ndi kaja alangizi amapatsa mkazi tsiku lolowa m'banja, kosambitsira mwamuna wake kuchipinda. Mbeta sikhala nako. Alzira anakanyamula pothawa nkhondo, anasiya mapoto ndi mbale, ine osadziwa.

"Ndinamufunsa kuti mwini kamphika aka ndani. Analira, n'kundiuza zonse. Nanenso ndinalira. Zaka ziwiri mwana wa eni akunditungira madzi, ine ndikugona ndi mwamuna wake, ndikumutcha mlamu! Titatha kulira tinaphika tiyi, tinayamba kukuonani bwinobwino, ndipo tinaseka mpaka nthiti kuwawa."

"Ndiye ukwatiwu munakonza ndinu?"

"A Whiteson anayamba kale kundifunsa za iye, ine ndinkangoti dikirani. Ndinafuna kukuthamangitsani tsiku lomwelo. Alzira ndiye anakupemphererani. Anati timupatse mpata, mwina aimirira. Ndinamulonjeza kuti mukaimirira m'tchalitchi muja, kanyumba kakuseri ndikupatsani nonse awiri, mukhalemo mpaka nkhondo ithe. Ndinakhala pambali panu masabata atatu, ndikupemphera kuti mwamuna uyu adzuke. Inu n'kumamanga nsapato."

Ndinayesa kugwada, ndinayesa kulira. Ndinati ndimawakonda.

"Awe, mumakonda malata anga. Mkazi munamugulitsa chifukwa cha denga. Ine mudzandigulitsa chifukwa cha chiyani, thanki ya madzi? Nyamukani. Za lole ya kumsasa musaope, sindine wa miseche. Koma mukatsegula pakamwa kuwononga banja la mwana uja, mudzandidziwa."

7

Ndinakhala pamsika masiku awiri, zida zili pamiyendo, anthu akundizungulira ngati chitsa. Mbiri inali itamveka kuti a Doris andichotsa, ndipo ndinabwerera kukhala wa kutsidya uja. Tsiku lachitatu njinga inaima patsogolo panga.

"Alamu," anatero a Whiteson, pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. "Ndamva zimene zachitika. Za m'banja sindilowerera. Koma mlongo wa mkazi wanga sangagone pamsika ine ndili ndi nyumba. Kuseri kuli kachipinda. Tiyeni."

Munthu wamanyazi akanakana. Ine ndinafunsa ngati kachipindako kali ndi malata.

Alzira anandilandira pakhomo, anagwada, nati, "Takulandirani, alongo." M'maso mwake munalibe mkwiyo, munalibenso china chilichonse. Chimenecho chinandipweteka kuposa mbama.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri anabereka mwana wamkazi, Christine. Anthu anaseka kuti a Whiteson ndi ofatsa poyenda pokha. Ngati iwo anawerengera miyezi, anawerengera mumtima, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene akudziwa. Amayi obwera kudzaona mwana ankamutembenuza uku ndi uku n'kumati, "Ee, makutu awa! Chipumi ichi! Watengera amalume ake ndendende!" A Whiteson n'kumaseka mokondwa, "Magazi a kuchikazi ndi amphamvu."

Ndinamupeza Alzira yekha akuyanika matewera. Ndinafunsa funso limene mukuliganiziralo.

"Mwanayu bambo wake ndi amene anaimirira m'tchalitchi," anayankha. "Ndipatseni zopanira izo."

Nkhondo inatha mu 1992. Anzanga anawoloka, anakamanga nyumba zawo ku Zumbo, ena mpaka za malata. Ine ndikanatha kupita, bwato ndi mphindi zochepa chabe. Sindinapite, ndipo sindidzapita. Kutsidya kuli malo, koma kulibe Christine.

Inu owerenga, makamaka amuna anzanga amene muli m'dziko la eni, ndikudziwa mmene msana umawawira pogona m'nyumba imene mungathamangitsidwemo mawa. Ndikudziwa mmene munthu amachepera akafunsidwa pepala limene alibe. Eni nyumba a pa Boma anandichita zoipa, ndipo sindinawakhululukire. Koma palibe mmodzi wa iwo amene anandilanda mkazi. Ndinamupereka ndekha, ndi manja awiri, bedi n'kuwonjezapo. Mukandiseka sekani, nanenso ndimadziseka, koma mukatha kuseka muyang'ane amene wagwada pambali panu pamene mukuyankha mafunso a eni nyumba.

Christine tsopano ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Dzana anabwera pamene ndimapala matabwa, anakhala pa chitsa n'kumandiyang'ana ndi maso angawa.

"Amalume, inu mumakhomera anthu onse madenga. Nanga bwanji mulibe nyumba yanu? Bwanji mulibe mkazi, ngakhale mwana mmodzi?"

Ndinatsegula pakamwa. Ulendo uno mawu analipo, onse, okonzeka. Pomwepo belu la njinga linalira kumpanda, mwana n'kudumpha, "Atate abwera!" Anathamanga osacheuka, ine ndinatola thabwa langa n'kupitiriza kupala.